Otunga Madzi a pa Nachiwale

Nkhani iyi si yanga. Ndinaimva kwa Bambo Yosiya Kandulu, mmisiri wa mapaipi ndi mamita a madzi, amene timapemphera nawo mpingo umodzi. Anandiuza tili pakhonde la tchalitchi, mvula itatitsekereza titaweruka. Ndiyesetsa kuinena monga anainenera iwo, ndipo pamene anati sakudziwa, inenso ndinena kuti sindikudziwa. Mulungu andithandize ndisawonjezere.

Unali mwezi wa Okutobala pamene kuntchito kwawo anawatumiza kumapiri a tiyi, pamalo otchedwa Nachiwale. Pamwamba pa chitunda pali thanki yakale yasimenti imene imalandira madzi a kasupe wa m'phiri. Kumunsi, ulendo wa ola limodzi wapansi, kuli chipatala chaching'ono. Mjigo wa pachipatalapo unali utauma, moti amayi oyembekezera ankatsika okha kumtsinje ndi zidebe. Paipi yatsopano inali itayalidwa kale kuchokera pa thanki kukafika kuchipatalako. Chinatsala ndi mita. Lamulo linali lakuti vavu yaikulu, chotsekera madzi cha pa paipi, isatsegulidwe mpaka mita itamangidwa, itayesedwa, ndipo mmisiri ndi injiniya atasaina. Injiniyayo, Mayi Kalilangwe, anati adzafika Lachisanu. Akapeza kuti zinthu sizili bwino, ulendo wina adzabwera patatha mwezi.

Mita imeneyi si ija ya kunyumba yokhala ndi kagudumu kozungulira. Ili ndi zigawo ziwiri. Choyamba amachitcha sensa. Chimaoneka ngati chidutswa chonenepa cha paipi, ndipo amachimanga pakati pa paipi yeniyeniyo ndi mabawuti. Chachiwiri ndi bokosi lokhala ndi kagalasi koonetsa manambala, limene amalipachika pakhoma.

"Mkati mwa sensa mulibe chozungulira," anandiuza Bambo Kandulu. "Muli maginito m'mbali, ndi timitu tiwiri tachitsulo tonga mabatani a malaya. Madzi akamadutsa, timituto timamva, n'kutumiza uthenga pa waya kupita ku bokosi. Madzi akaima, bokosi limati ziro. Chinthu chimenechi sichidziwa kunama. Onama ndife oimanga."

Anafika Lolemba. Mlonda wa thanki, Bambo Muhoko, sanawapeze. Anali atapita kumaliro ku Phalombe, makiyi atawasiya kwa anamwino. Dalaivala anawathandiza kutsitsa sensa, n'kubwerera ndi galimoto.

Mita yamtunduwu imafuna paipi yowongoka kutsogolo ndi kumbuyo kwake, yopanda mphanda kapena chokhota pafupi, kuti madzi adutse modekha. Bambo Kandulu atayeza malo m'kanyumba ka mavavu, anapeza kuti pamene panayenera kukhala paipi yowongokayo panali kamphanda kakang'ono. Kanali kapaipi konenepa ngati chala chachikulu, kadzimbiri, kokhala ndi kampopi kamkuwa kosatseka bwino. Kankatulukira pansi pa khoma, n'kulowa m'nthaka kulunjika ku kamsitu kamene kanali kumunsi pang'ono, pakati pa minda ya tiyi. Pa mapu a ntchito kapaipiko kanalibepo. Anakatsata mpaka m'mphepete mwa msitu, osaona nyumba kapena dimba. Anati ndi zotsala za kale. Anadula chidutswa chonsecho, n'kuikapo paipi yosalala, ndipo kampopi anakaponya mu ndowa yawo ya zida.

Lachiwiri anamanga sensa. Anaonetsetsa kuti muvi wojambulidwa pamwamba pake waloza kumene madzi azipita, anaika mphira pakati pa milomo ya paipi, n'kumanga mabawuti moyang'anizana kuti isapendekeke. Anakhoma m'nthaka ndodo yamkuwa yotayira magetsi osokera, n'kulumikiza waya wake. Anapachika bokosi. Madzulo anatsegula vavu ya ku thanki pang'onopang'ono kuti paipi idzaze ndiponso mpweya utuluke, koma vavu yaikulu yopita kuchipatala anaisiya chitsekere.

Posonkhanitsa zida kuti atsike kukagona kuchipatala, ndowa ija sanaione. Zida zonse zinali zitayalidwa bwinobwino pa simenti, masipanala m'ndondomeko yake kuyambira yaing'ono, kampopi kamkuwa kali pambali pake pokha. Ndowa yokha ndiyo inasowa.

"Wakuba amatenga sipanala n'kusiya ndowa," anatero. "Uyu anali ndi ulemu."

Lachitatu m'mawa, akukwera pakati pa tiyi, anakumana ndi mayi wina. Anali wopanda nsapato, atavala nsalu yakuda yofwifwa, ndipo pamutu anali ndi nkhata yopanda mtsuko. Mayiyo anapatuka m'njira, n'kugwada pang'ono monga ankachitira akale.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Tadzuka, atate. Kodi ndinu mwatseka?"

Bambo Kandulu anaganiza kuti ndi mmodzi wa odikirira odwala. "Pirirani mpaka Lachisanu, mayi. Madzi afika."

"Lachisanu," anatero mayiyo, ngati akulilawa dzinalo. "Ana sadziwa masiku, atate."

Atayenda pang'ono, Bambo Kandulu anacheuka. Tiyi amalekeza m'chiuno, ndipo munda umenewo umaoneka wonse mpaka kumsewu. M'njira munalibe munthu. Ndinawafunsa kuti nkhope yake inali yotani. Anati nkhata akuikumbukira bwino, yolukidwa ndi masamba ouma a nthochi, koma nkhope ayi.

Tsiku limenelo linali loyesa ziro. Paipi ikadzaza, vavu yaikulu ija ili yotseka, madzi alibe kopita, ndiye bokosi liyenera kuonetsa ziro kwa mphindi khumi osagwedera. M'mawa wonse linaterodi. Bambo Kandulu anasangalala, n'kukhala pa mwala kudya chinangwa chawo.

Dzuwa litafika paliwombo, nyenje zinaleka kulira. Zonse pamodzi, ngati wina wazitsekera chitseko. M'kanyumba muja munalowa fungo la mtsuko wadothi wonyowa. Atayang'ana kagalasi, manambala anali akuyenda.

Sankalumphalumpha monga amachitira waya akamasuka. Anakwera bwinobwino, n'kukhazikika kwa mphindi ziwiri, kenaka n'kutsika mpaka ziro. Bokosi linati padutsa malita makumi awiri. Panapita kanthawi, ngati kokwanira munthu kusenza n'kupatuka. Manambala anakweranso. Malita khumi ndi asanu ndi atatu. Ziro. Makumi awiri. Ziro. Kenaka asanu okha.

Anagwira vavu yaikulu, inali yothina. Anayenda m'mbali mwa paipi akupapasa, pansi ponse panali pouma ngati phulusa. Anatsamiritsa khutu pa chitsulo, ndipo anamva madzi akuyenda mkati, pang'onopang'ono. Patatha ola ndi theka, manambala anabwerera pa ziro n'kukhala pomwepo, ndipo nyenje zinayambiranso. M'kope lawo anali atalemba maulendo makumi atatu ndi umodzi.

Anakwera pamwamba pa thanki pamene foni imagwira, n'kuimbira Mayi Kalilangwe.

"Bambo Kandulu, mwagwira ntchito imeneyi zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi ziwiri, mayi."

"Ndiye mukundiimbira foni chifukwa cha waya wa m'nthaka? Nthaka yauma imeneyo. Thiranipo madzi pa ndodo."

"Ndathira. Si magetsi osokera amenewa. Akubwera m'miyeso, ngati ndowa."

"Ngati ndowa." Anaseka. "Mwina mwayamba kachasu wa kumapiriko. Mverani. M'bokosimo muli malo ouzira mita kuti madzi akachepa kuposa pakuti, iziti ziro. Kwezani pamenepo pang'ono. Aliyense amatero. Ine ndikufuna ziro Lachisanu, amayi aja amwe madzi."

Zimene ananenazo n'zoona, malo amenewo alimo. Kudina mabatani atatu kunali kokwanira. Bambo Kandulu anati anaima patsogolo pa bokosilo chala chili m'mwamba, akuganizira mayi wina wa pakati potopa amene anamuona dzulo lake akupumira katatu pokwera kuchokera kumtsinje. Koma pepala limene ankayenera kusaina linkati: ndaona ndi maso anga kuti madzi ataima, mita inaonetsa ziro. Ndipo madzi sanali ataima.

"Sindinasainepo bodza chiyambire," anandiuza. "Sindikudzitama ayi. Mantha chabe. Ndimaopa kuti ndikayamba, dzanja lizolowera."

Lachinayi analawirira, n'kuyambanso zonse. Anamasula waya uliwonse n'kuumanganso. Anapukuta timabawuti ta m'bokosi. Anatulutsanso mpweya m'paipi. Analemba mzere ndi choko mkati mwa thanki pamene panalekeza madzi, n'kutseka polowera madzi a kasupe. Ali mkati mogwira, anamva ndodo ikugogoda pa simenti. Anali Bambo Muhoko, mlonda uja, wamtali, wowonda, atavala jekete ya maliro.

"Ndinu amisiri ake? Amene mwabwera ndi wailesi yopanda nyimboyi?"

"Ndine, akuluakulu. Pepani ndi zovuta."

"Zachitika. Anali atakula." Analowa m'kanyumbamo, maso ake n'kupita molunjika pamene panali kamphanda kaja. Anaima nthawi yaitali. "Kali kuti?"

Bambo Kandulu anatola kampopi kamkuwa n'kuwapatsa. Mkuluyo anakalandira ndi manja awiri.

"Mwadula liti?"

"Lolemba."

"Masiku anayi, dzuwa lake ili." Anakhala pansi pa mwala uja. "Ine ndiye wolakwa. Ndikanasiya mawu. Koma mawu ake ungawasiye bwanji kwa anamwino?"

"Kamapita kuti kapaipi kameneka?"

Bambo Muhoko analoza msitu ndi chibwano, osati ndi chala. Anati bambo awo, amenenso anali mlonda pomwepo, ndiwo anawauza. Kale pamenepo panali misasa ya anthu amene anachokera kutsidya la malire kudzagwira ntchito m'minda. Chaka china chitsime chawo chinauma, ndipo madzi a thanki sanali awo. Anamwa za m'zithaphwi. Matenda anawatenga m'chilimwe chimodzi, akulu ndi ana, ndipo anaikidwa pomwepo popanda abale owalira. Mmisiri amene anadzakonza paipi pambuyo pake anasiya kamphandako osauza abwana ake. Chiyambire pamenepo palibe anakatseka.

"Ndiye amabwera kudzatunga?" anafunsa Bambo Kandulu.

"Ine sindinanene zimenezo. Ine ndimalondera thanki. Chimene ndikudziwa n'chakuti masana sindikhala m'kanyumba muno. Ndimakapuma pansi pa mkuyu uko, kuwapatsa malo."

"Lero khalani, akuluakulu. Muone chinthu."

Anakhala. Nyenje zitaleka, awiriwo anaima phewa ndi phewa patsogolo pa kagalasi. Bambo Kandulu ankawerenga motsitsa mawu. Makumi awiri. Makumi awiri. Khumi ndi awiri. Asanu. Asanu. Atatu.

"Atatu?" ananong'ona Bambo Muhoko.

"Malita atatu."

"Kamphika," anatero mkuluyo, n'kuvula chipewa. Misozi inkatsika osaipukuta. "Zaka makumi atatu ndili pano, amisiri. Sindinkadziwa kuti alipo angati."

Zitatha, anakasuzumira mu thanki. Madzi anali atatsika kusiya mzere wa choko m'mwamba, pang'ono chabe, koma poonekera.

"Mwawatsekera, koma akutungabe," anatero Bambo Muhoko. "Kaya akuvutika motani kuti atunge pa chitsulo chotseka. Zimenezo musandifunse."

Madzulo amenewo Bambo Kandulu anayeza mtunda umene mita imafuna, ndipo kutsogolo kwake, pafupi ndi vavu yaikulu, anaboola paipi n'kumangapo kamphanda katsopano. Anaikapo kampopi kamkuwa komwe kaja, atakatsuka ndi mchenga, n'kulumikiza ku kapaipi kakale kopita kumsitu. Atakatsegula, madzi anathamanga m'kapaipimo ndi mkokomo waung'ono.

Koma vuto lawo linali lisanathe. Poyesa ziro, kampopi nakonso kayenera kutsekedwa. Ndipo Mayi Kalilangwe anatumiza uthenga kuti ali ndi malo ena awiri oyendera, afika cha m'ma thwelofu, ndipo sakhalitsa.

Lachisanu galimoto inaima pa thanki dzuwa lili pamutu. Mayi Kalilangwe anatsika ndi mapepala m'manja, nsapato zantchito zili mbuu ndi fumbi. Anayang'ana mabawuti, muvi ndi waya wa m'nthaka, n'kugwedeza mutu movomereza. Kenaka anaona kamphanda.

"Ichi n'chiyani? Pa mapu palibe."

"Ndikufotokozerani, mayi. Yambani mwaona."

"Munakweza paja ndinanena?"

"Sindinakweze."

"Bambo Kandulu, inu mudzandikalambitsa." Anawerama, n'kutseka kampopi ndi dzanja lawo. Anayesa vavu yaikulu. "Zonse zotseka. Tiyeni, mphindi khumi."

Bokosi linaonetsa ziro kwa mphindi ziwiri. Kenaka nyenje zinaleka.

Mayi Kalilangwe anaona manambala akukwera, akukhazikika, akutsika. Anagogoda kagalasi ndi chala. Anatsegula bokosi n'kuyang'ana mawaya. Anagwada, n'kuika khutu pa paipi, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali kuposa mmene munthu amafunira kuti amve. Podzuka, ananunkhiza m'mwamba.

"Ndani wabweretsa mtsuko muno?"

Manambala anati asanu, kenaka atatu.

"Sindingasaine izi," anatero, mawu atatsika. "Ndipo sindingatsegule vavu popanda kusaina. Mukudziwa."

Bambo Kandulu anati sanakonzekere zimene anachita. Anangoona kuti atuluka m'kanyumbamo, ayenda mpaka m'mphepete mwa msitu, ndipo avula chipewa. Sanapemphere kwa iwo, anatsindika zimenezo pondiuza, pakuti pemphero ndi la Mulungu yekha. Anawalankhula monga ulankhulira anthu amene wawapeza pamzere pa mpopi.

"Odi kuno, eni malo. Ndine Kandulu, amene ndinakutsekerani. Sindinadziwe, pepani. Kampopi kanu ndabwezera, ndipo sikadzachokanso ine ndili moyo. Koma kumunsiku kuli amayi a pakati akumwa za mumtsinje. Inu mukudziwa za madzi amenewo kuposa ine. Ndikupempha mphindi khumi zokha. Tulani kaye pansi, mudikire. Zikatha, titsegula konse kuwiri."

M'msitumo simunagwedezeke tsamba. Anabwerera ku kanyumba kaja. Pakhomo anapeza Bambo Muhoko atagwira mphuthu ya chitseko, ndipo Mayi Kalilangwe atagwira pakamwa.

"Inali pakati," anatero mayiwo. "Inali itafika malita asanu ndi awiri. Yangoima."

Kagalasi kanali pa ziro.

Bambo Kandulu anaika wotchi yawo pamwamba pa bokosi. Atatuwo anaima patsogolo pa kagalasi. Kunja nyenje zinali zikadali chete, ndiye anadziwa kuti otunga aja sanapite. Fungo la dothi lonyowa linadzaza kanyumbako mpaka kumveka kukhosi. Anati kumbuyo kwawo kunkamveka monga kumamvekera m'tchalitchi modzaza, anthu onse ataweramitsa mitu, wopemphera asanayambe. Palibe anacheuka. Mphindi zisanu. Zisanu ndi ziwiri. Pa mphindi yachisanu ndi chitatu, chakumunsi pafupi ndi mawondo awo, panamveka kaphokoso kamodzi, ngati kamphika kakhudza simenti, kenaka ngati wina wakagwira msanga. Nambala sinagwedere.

"Zakwana," anatero Bambo Kandulu.

Anasaina iwo poyamba. Mayi Kalilangwe analandira cholembera, n'kusaina, dzina lawo litapendekeka. Kenaka anatambasula mapu pa bondo, n'kujambulapo kamzere kakang'ono kochoka pa paipi kulunjika kumsitu.

"Ndilembe kuti chiyani apa?" anafunsa, osayang'ana munthu.

"Lembani kuti mpopi wa anthu," anatero Bambo Muhoko. "Usatsekedwe."

Analemba momwemo. Bambo Kandulu anagwira chigudumu cha vavu yaikulu, koma mayiwo anawagwira mkono.

"Ayi. Awa ndiwo anayamba kudikira."

Mayiwo anagwada pa simenti ndi mawondo onse awiri, n'kutsegula kampopi kamkuwa mpaka kumapeto. Manambala anakwera pomwepo. Atatero ndi pamene anadzuka n'kuthandizana ndi Bambo Kandulu kupotokola vavu yaikulu, ndipo paipi inanjenjemera pansi pa mapazi awo, madzi akutsika kupita kuchipatala.

Pamenepo ndi pamene Bambo Kandulu analekezera. Ndinawafunsa ngati anabwererako. Anati ayi, koma anamwino anawaimbira madzulo a tsiku lomwelo kuti mwana wamkazi wabadwa, ndipo asambitsidwa ndi madzi a pa mpopi. Ndapereka monga ndinalandirira. Amene ali kumunsi ndi amene ali m'msitu muja, Mulungu amene amadziwa mayina awo onse awasunge.